Afulani: Mtundu Womwazika, Chinenero Chimodzi

Kuyambira ku Senegal, m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic, kufikira ku Sudan, kuli mtundu wa anthu umene unamwazika m'maiko ambiri. Ahausa amaŵatcha Fulani, Afalansa amati Peul, koma eni ake amadzitcha Fulɓe, ndipo munthu mmodzi ndi Pullo.

Afulani amadziŵika ndi ng'ombe. Mvula ikatha, abusa amasamuka ndi zoŵeta zao kukasaka msipu ndi madzi. Ena anakhazikika m'mizinda, nakhala aphunzitsi a Chisilamu ndi mafumu. Mmodzi wa iwo, Usman dan Fodio, anayambitsa nkhondo m'chaka cha 1804 imene inabala ufumu wa Sokoto, kumpoto kwa Nigeria wa lero.

Chimene chimamanga pamodzi mbusa wa kutchire ndi mphunzitsi wa mumzinda ndicho chinenero. Ku Senegal chimatchedwa Pulaar, ku Guinea Pular, ku Nigeria ndi Cameroon Fulfulde. Kalankhulidwe kamasiyana malinga ndi dera, koma tsinde lake ndi limodzi. Monga Chicheŵa, chinenerochi chimagaŵa maina m'magulu, ndipo magulu ake amapitirira 20. Kusiyana kwake n'kwakuti chizindikiro cha gulu chimakhala kumapeto kwa mau: pamene Mcheŵa akuti mu-nthu ndi a-nthu, Mfulani amati Pull-o ndi Ful-ɓe.

Vuto linali pa kulemba. Kwa zaka mazanamazana Afulani ankalemba ndi zilembo za Chiarabu, zimene sizinkakwanira mamvekedwe onse a mau ao, kotero kuti kalata inkavuta kuŵerenga. Msonkhano wa ku Bamako wa 1966 unakonza kalembedwe ka zilembo za Chilatini. Kenaka m'chaka cha 1989, anyamata aŵiri apachibale a ku Guinea, Ibrahima ndi Abdoulaye Barry, anapanga zilembo 28 zaozao zotchedwa Adlam, zolembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere. Mu 2016 zilembozi zinaloŵa m'kaundula wa Unicode, ndipo lero zimalembeka pa kompyuta ndi pa lamya za m'manja.

Ntchito imeneyi si yachabe. Chilala cha zaka za m'ma 1970 chinapha ng'ombe zambiri m'dera la Sahel, ndipo mikangano ya abusa ndi alimi yolimbirana malo ikupitirirabe ku Nigeria ndi ku Mali. Mabanja ambiri asiya kuŵeta, nakakhala m'mizinda momwe sukulu zimaphunzitsa m'Chifalansa kapena m'Chingerezi. Mwana wobadwira kumeneko mwina sadzakamako ng'ombe, koma ngati atha kulemba ndi kuŵerenga Chifulani, sadzasoŵa chomlumikiza ndi abale ake.