Kukongola kwa Chisemphere kumatsata nyengo ya fodya

Ku Italy ndi France, alendo amakwera kumidzi ya pazitunda kukaona minda ya mpesa. Kwa Chisemphere, kumpoto kwa boma la Kasungu, chimene chimaveka dziko ndi fodya, choncho mlendo ayenera kudziwa nyengo yake.

Mu Okutobala maso onse amakhala ku nazale, pomwe alimi amathirira mbande kumadambo. Mvula ikagwa mu Disembala amawokera, ndipo pofika Febuluwale chigwa chonse chimakhala chitabiriwira. Apa m'pamene ntchito yothyola ndi kusoka imayamba. Fodya wa bale amayanikidwa m'zigafa, pamene wa fuluu amawotchedwa m'mabani. Msika ukatsegulidwa, kawirikawiri mu Epulo, mabelo amalowera ku Chinkhoma.

Koma kukongolaku kuli ndi mtengo wake. Zigafa zimafuna milimo, mabani amadya nkhuni, ndipo mitengo yachilengedwe ikunka nichepa. Mlendo akafika kunkhalango ya Kasungu, komwe kudasamutsidwira njovu 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022, amaona yekha kusiyana kwake. Popanda kubzala mitengo, ngakhale fodyayo adzasowa poyanika.