Zigubu za mkaka zomwe zinasunga mbiri ya Ayuda a ku Warsaw

Mu November 1940, asilikali a Hitler anatsekera Ayuda oposa 400,000 m'kadera kakang'ono ka mzinda wa Warsaw ku Poland, kozingidwa ndi mpanda wa njerwa. Malowa ankatchedwa ghetto. Chakudya chomwe anthu ankagawiridwa sichikadakhutitsa ngakhale mwana, moti njala ndi matenda a typhus zinapulula miyandamiyanda. Tiana tinkapyola m'mabowo a mpandawo kukasaka buledi kunja, ndipo tambiri tinkawomberedwa tikapezeka.

Mkati mwa mazunzowo, katswiri wa mbiri yakale Emanuel Ringelblum anayambitsa gulu lachinsinsi lotchedwa Oneg Shabbat, popeza linkakumana pa Sabata. Gululi silinkanyoza kanthu. Linkatolera makalata, zimangirizo za ana asukulu, matikiti olandirira chakudya, mpaka timapepala tokulungira maswiti. Zonsezi linazitsekera m'mabokosi achitsulo ndi m'zigubu za mkaka n'kuzikwirira pansi pa nyumba, kuti nkhani ya ophedwa isadzafotokozedwe ndi akupha okha.

Kuyambira pa 22 July 1942, anthu pafupifupi 265,000 anapakiridwa m'mabogi a katundu kupita ku msasa wa Treblinka, komwe anaphedwa ndi utsi wapoizoni. Dokotala Janusz Korczak anakana kusiya ana amasiye omwe ankawalera, nakwera nawo sitimayo.

Otsalawo anazindikira kuti mawu a asilikali oti "kusamutsidwa" amatanthauza imfa. Pa 19 April 1943, tsiku lomwe chikondwerero cha Pasika chinkayamba madzulo ake, achinyamata mazana angapo, ambiri motsogozedwa ndi Mordechai Anielewicz, analandira asilikali omwe analowa mu ghettomo ndi mfuti zing'onozing'ono komanso mabotolo a petulo. Zopambana panalibe, iwonso ankadziwa, komabe analimbalimba pafupifupi mwezi wathunthu. Mkulu wa asilikali Jürgen Stroop analamula kuti nyumba zitenthedwe imodzi ndi imodzi. Anielewicz anafera m'chipinda chobisalira cha pansi pa nyumba nambala 18 mu msewu wa Miła pa 8 May, ndipo pa 16 May Stroop anaphulitsa sunagoge wamkulu wa mzindawo.

Ringelblum anaphedwa mu 1944. Mabokosi ake anafukulidwa m'mabwinja mu 1946, zigubu ziwiri mu 1950, koma gawo lachitatu silinapezeke mpaka lero. Marek Edelman, mmodzi mwa atsogoleri omwe anapulumuka, ankayala maluwa achikasu pachipilala cha chikumbutso chaka ndi chaka mpaka kumwalira kwake mu 2009. Masiku ano pa 19 April ma sayirini amalira masana mu Warsaw, anthu atamata timaluwa tachikasu tapepala pachifuwa.