Chigwa cha Domasi ndi Njira ya Alendo

Msewu waukulu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde umalambalala m'munsi mwa phiri la Malosa, ndipo ndi mmene mumadutsa magalimoto a makampani oyendetsa alendo odzaona dziko, amene ulendo wawo umakonzedweratu, pogona ndi podyera pomwe, ndipo amakhala ndi wowatsogolera wofotokoza zimene akuona. Ku South Africa alendo otere amawatengera ku minda ya mpesa ya ku Stellenbosch, ku Namibia amakawaonetsa chipululu cha Namib, koma Malawi alibe chipululu ndipo sakhudzana ndi nyanja yaikulu yamchere. Chuma chake ndi minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi ku Mulanje, mapiri, nkhalango za nyama ndi nyanja za zilumba, ndipo dera la Malosa lili pakati pa zonsezi.

Phiri la Malosa ndi la Zomba ndi oyandikana, chowalekanitsa ndi chigwa chakuya chimene mtsinje wa Domasi umatsikiramo. Alendo ambiri amagona pamwamba pa phiri la Zomba, kumene anyamata odziwa njira amawaonetsa dzenje la Chingwe, mathithi a Williams ndi malo amene mfumu ya ku Ethiopia, Haile Selassie, idaimapo poyang'ana chigwa mu 1965. Kukacha amatsika nadutsa pa Malosa osaima, ndipo kusaimako kumawamanitsa zambiri. Ku Domasi kuli mishoni imene Alexander Hetherwick wa mpingo wa ku Scotland adatsegula mu 1884, pomwe pa Malosa penipeni pali likulu la dayosizi ya Anglican ya Upper Shire, chipatala cha St Luke's ndi sukulu ya sekondale. Ku Chilema, pafupi pomwepo, kuli mtengo waukulu wa mtundu wa kachere, umene nthambi zake zimagwetsa mizu pansi, mizuyo nkukula kukhala mathunthu ena, mpaka munthu sangalozenso thunthu loyamba.

Wotsata madzi a Domasi chakummawa amadutsa m'minda ya mpunga nakafika ku nyanja ya Chilwa, yachiwiri kukula kwake m'dziko muno, imene David Livingstone adaiona mu 1859. Nyanjayi ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi, nchifukwa chake madzi ake ndi amcherechere. Pa doko la Kachulu pamanyamuka mabwato opita ku chilumba cha Chisi, cha mapiri ndi mitengo ya malambe, ndipo m'njira mlendo amaona zimbowera, ndiye kuti tinyumba toyandama timene asodzi amamanga pa udzu wa m'madzi, mmene amagona, kuphika ndi kuwamba nsomba kwa masabata ambiri osaponda kumtunda. Nsomba zake ndi matemba, makumba ndi milamba, ndipo mbalame za m'madzi nzochuluka kotero kuti nyanjayi idalembedwa m'pangano la Ramsar, limene maiko adachita pofuna kuteteza madambo ofunika.

Chodabwitsa cha Chilwa nchakuti imaphwa. Idaphwa mu 1968, mu 1995 ndiponso mu 2018, pamene mabwato adatsala ali gwaa pa matope ong'ambika, asodzi nkubalalika kukafuna ntchito kwina. Mvula ikachepa zaka zotsatizana mitsinje ya Domasi, Likangala ndi Phalombe imalephera kuidzaza, ndipo vutoli likukulirakulira chifukwa cha kutha kwa mitengo m'mapiri. Matumba a makala amene amatsika m'nkhalango ya Malosa panjinga ali ndi gawo lake pa dothi limene likukwirira nyanjayo, ndipo wotsogolera alendo amene satchula zimenezi waonetsa malo koma sadawafotokoze.

Kumpoto kwa Malosa ndiko kumene makampani amathamangira. Nkhalango ya Liwonde, imene idakhazikitsidwa mu 1973 ndipo yakhala m'manja mwa bungwe la African Parks kuyambira mu 2015, imaonetsa njovu, mvuu ndi ng'ona kwa oyenda pa boti mumtsinje wa Shire. Kupitirira apo ndi ku Mangochi ndi ku Cape Maclear, kumene kuli gombe la mchenga, zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo, ndi tinsomba ta mbuna timene tidachititsa kuti bungwe la UNESCO lizindikire malowa mu 1984.

Malo amenewa ndi oyeneradi kutchuka kwawo, koma okonza maulendo akadachita bwino kupatula tsiku limodzi la Domasi ndi Chilwa, nalemba ntchito anthu a komweko kuti azitsogolera, popeza ndiwo odziwa njira za m'madambo. Nyengo yabwino ya ulendowu ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mvula itatha, msewu wa ku Kachulu utauma, madzi akadali ambiri m'nyanja.