Laputopu ya gulu la zaumoyo itayamba kulira laisensi

Lamlungu lina m'mawa tinali pakhonde la tchalitchi chathu kuno ku Chitedze, anthu atakhala kale pa benchi kudikira kuyezedwa BP. Tili mkati molemba, laputopu ya gulu lathu la zaumoyo inatulutsa bokosi labuluu pakati pa sikirini. Uthenga wake unali wa Chingerezi, wonena kuti laisensi ya Windows yatsala pang'ono kutha. Tinalitseka n'kupitiriza ntchito, koma pasanapite nthawi linabweranso. Mayi wina wa Dorika amene amatithandiza kulemba anaimitsa manja n'kufunsa motsitsa mawu: "Abale anga, maina onsewa safufutika?"

Nkhawa yawo inali yomveka. Mu laputopu imeneyo muli kaundula wa anthu amene takhala tikuwayeza kwa zaka zitatu, ambiri a m'midzi yozungulira siteshoni ya kafukufuku wa zaulimi, ena ochokera cha ku Mpingu. Timalemba dzina, zaka zakubadwa, BP, shuga ndi tsiku. Munthu akapezeka ndi BP ya 140/90 kapena kupitirira pa maulendo awiri, timamutumiza kuchipatala, ndipo kaundulayo ndi amene amatikumbutsa kuti agogo akutiakuti sanabwerenso, tikawaone kunyumba. Kale tinkalemba m'makope, koma awiri anadyedwa ndi chiswe.

Tiyambe ndi yankho limene tinawapatsa mayi aja patapita masiku, chifukwa mabanja ambiri ataya ndalama kaamba ka mantha omwewa. Laisensi ya Windows ikatha, kompyuta sifufuta kanthu. Zithunzi, makalata ndi ntchito za sukulu za ana zimakhalabe pomwepo. Chimene chimachitika n'chakuti pakona yakumanja m'munsi mwa sikirini pamakhala mawu otuwa akuti Activate Windows, simutha kusintha chithunzi chakumaso ndi mitundu, ndipo uthenga wokumbutsa umabwerabwera. N'zotopetsa, koma si ngozi yoti muthamangire minibasi tsiku lomwelo. Zosiyana pang'ono ndi Word ndi Excel. Izi zili ndi laisensi yakeyake, ndipo iyo ikatha mumatha kutsegula ndi kuwerenga, koma kulembamo zatsopano zimakana.

Laputopu yathu ndi yakaunjika. Anatitumizira mbale wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Itagwira ntchito chaka chimodzi disiki yake inafa, ndipo tinaitengera kwa wokonza wina m'tauni ku Lilongwe. Iye anaika disiki ina, n'kuikamonso Windows, tinalipira, tinabwerera tikusangalala. Patatha miyezi isanu ndi umodzi uthenga uja unatulukira koyamba. Tinabwererako, anaikonza m'mphindi zisanu, tinalipiranso. Miyezi ina isanu ndi umodzi, nawunso. Tsiku la pakhonde lija linali kachitatu, ndipo msungichuma anali atayamba kale kutiyang'ana ndi diso lina.

Amene anatithandiza ndi mnyamata wa mumpingo momwemu, amene anaphunzirako za makompyuta ku koleji. Titamuuza kuti tikufuna ya thiransipoti tibwerere m'tauni, anaseka n'kunena kuti: "Amayi, inu simupatsa munthu mankhwala musanamuyeze. Bwanji iyinso tiyambe tayiyeza?"

Poyamba anayang'ana tsiku ndi nthawi. Ife tinaona ngati akuchedwa nazo, koma anatifotokozera kuti m'kati mwa laputopu muli kabatire kakang'ono konga khobidi kamene kamasunga wotchi. Kakatha, ndipo batire lalikulu n'kufooka ngati mmene zilili ndi malaputopu ambiri akale, magetsi akangozima wotchi imabwerera zaka zam'mbuyo. Kompyuta yokhala ndi tsiku lolakwika imalephera kulankhulana ndi makina a Microsoft pa intaneti, ndipo nthawi zambiri imaonetsa nambala yakuti 0x80072F8F. Mankhwala ake ndi kukonza tsiku basi. Posankha dera la nthawi, Malawi simuipeza pamndandanda, mumasankha pamene palembedwa Harare, Pretoria. Yathu wotchi inali bwino.

Kenako anatsegula Settings, n'kupita pa Update & Security, n'kulowa pa Activation. Kwa amene muli ndi Windows 11, njira yake ndi Settings, System, kenako Activation. Pamenepo ndi pamene kompyuta imanena chimene chikuivuta, ndipo nambala imene imalembedwa m'munsi muziikopera papepala monga timachitira ndi BP. Nambala ya 0xC004C003 kawirikawiri imatanthauza kuti kiyi imene munalowetsa inatsekedwa, 0xC004C008 ndiye kuti kiyiyo inagwiritsidwa kale ntchito pa makompyuta ena, pamene 0x803F7001 ikusonyeza kuti laisensi ya kompyuta imeneyo sikupezeka. Yathu inalemba 0xC004F074. Mnyamatayo anangogwedeza mutu. Anadina batani la Windows pamodzi ndi R, n'kulemba slmgr /xpr. Kompyuta ya laisensi yokhazikika imayankha kuti ndi yamuyaya. Yathu inatchula tsiku lothera.

Apa ndi pamene nkhani yonse inamveka. Makampani akuluakulu ndi maboma okhala ndi makompyuta ambirimbiri sagula laisensi imodziimodzi. Amakhala ndi makina awo otchedwa KMS, ndipo kompyuta iliyonse ya pantchitopo imayenera kukalankhula ndi makinawo masiku 180 asanathe, kuti ipatsidwe masiku ena 180. Masiku amenewa ndiye miyezi isanu ndi umodzi ija. Wokonza wathu sanagule laisensi iliyonse. Anaikamo kapulogalamu konamiza Windows kuti laputopu ya tchalitchi cha ku Chitedze ndi ya kampani ina yaikulu. Chitetezo cha Windows chimakazindikira kapulogalamu kotere n'kukachotsa, masiku aja n'kutha, ife n'kunyamukanso ndi ndalama. Ulendo womaliza, pofuna kuti kasachotsedwenso, anathimitsa mbali ya chitetezocho osatiuza.

Chimenechi ndicho chinatiopsa kuposa uthenga uja. Timapulogalamu totere timatengedwa m'malo osadziwika pa intaneti, ndipo tambiri timabwera titabereka mavayirasi oba mawu achinsinsi. Ife tinali titasunga matenda a anthu m'nyumba yosatseka chitseko kwa miyezi yambiri. Munthu akatiuza kuti ali ndi shuga amakhala watikhulupirira. Ndipo chiyambire 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, limene limaika nkhani za umoyo m'gulu la zofunika kuzisamala kwambiri.

Titakafotokoza ku komiti ya mpingo panabuka kamtsutso. Bambo wina anati kampani yolemera chotero singasauke chifukwa cha laputopu imodzi ya kumudzi. Mwina n'zoona. Koma mkulu wa mpingo anafunsa ngati tingavomere kulemba kaundula wa ntchito ya mpingo m'kope lotengedwa m'sitolo osalipira, ndipo panalibe woyankha. Lamulo la kukopera la dziko lino, la 2016, limatetezanso mapulogalamu a pakompyuta monga limatetezera nyimbo ndi mabuku. Tinagwirizana kuti tipeze njira yoyera, ngakhale ikhale yolipira.

Chodabwitsa n'chakuti sitinalipire. Kale, nthawi ya Windows 7, kiyi ya zilembo ndi manambala 25 inkamatidwa pa kapepala kunsi kwa laputopu, ndipo kankafufutika ndi thukuta la pamiyendo. Kuyambira pa Windows 8, m'chaka cha 2012, makampani opanga malaputopu anayamba kuibisa kiyiyo m'kati mwa bodi ya makinawo. Disiki ikafa, kiyi sifa nayo. Mnyamata wathu atafufuza anapeza kuti laputopu yathu inachoka kufakitale ndi laisensi yeniyeni ya Windows 10 Home. Wokonza uja anaikamo Windows 10 Pro, mwina chifukwa ndi imene inali pa fulashi yake, ndipo kiyi ya Home sitsegula Pro. Tinkalipirira chinthu chabodza chenicheni chili m'nyumba.

Ntchito yokonza inatitengera madzulo awiri. Tisanachite kalikonse tinakopera kaundula pa mafulashi awiri, n'kutsegula pa kompyuta ina kuti titsimikize kuti zakoperekadi. Pamenepa musamafulumire, chifukwa kuika Windows mwatsopano ndiko kumafufuta zinthu, osati uthenga uja. Kenako mnyamatayo anatenga Windows kuchokera pa tsamba la Microsoft lenileni, n'kuiika pa fulashi yopanda kanthu ya 8GB. Imadya bandulo yambiri, choncho anadikira usiku. Poika, kompyuta inaiwerenga yokha kiyi ya m'bodi ija, osatifunsa. Titailumikiza ku intaneti ya pafoni, tsamba la Activation linalemba kuti zonse zili bwino. Tinabwereza slmgr /xpr, ndipo tsiku lothera panalibe.

M'malo mwa Word ndi Excel, zimene nazonso zinali zonamizira, tinaika LibreOffice. Ndi yaulere mwalamulo ndipo imatsegula kaundula wathu bwinobwino. Mabatani ena ali malo osiyana, moti mayi a Dorika aja anadandaula sabata yoyamba, koma pano azolowera.

Si onse amene angakhale ndi mwayi wathu. Laputopu ina imapezeka kuti ilibe kiyi m'kati, ina inali ya kampani yakunja ndipo laisensi yake inatsala komweko. Ngati bodi inasinthidwa pokonza, laisensi imatha kukana chifukwa Windows imaona ngati ndi kompyuta ina. Pamenepo batani la Troubleshoot, la patsamba la Activation lomwelo, limathandiza, makamaka ngati laisensiyo inali yolumikizidwa ku akaunti yanu ya Microsoft. Makiyi akale a Windows 7 ndi 8, amene kwa zaka zambiri ankatsegula Windows 10, anasiya kulandiridwa chakumapeto kwa 2023, ndiye wina asakugulitseni. Chenjeraninso ndi makiyi otsika mtengo modabwitsa amene amatsatsidwa pa WhatsApp ndi Facebook. Ambiri amagwira miyezi ingapo kenako n'kutsekedwa, wogulitsa atasintha kale nambala.

Ngati ndalama yogulira laisensi palibe, pali Linux. Mtundu wake wodziwika kwambiri, Ubuntu, unayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinalo ndi umunthu womwewu timaudziwa. Sufuna kiyi, suthera masiku, ndipo kwa mwana wofuna kulemba ntchito za sukulu ndi kuwerenga pa intaneti ndi wokwanira. Ifenso mwina tidzathera komweko. Microsoft inasiya kutumiza zokonza zaulere za chitetezo cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, ya Intel kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu. Yathu ndi yakale kuposa pamenepo. Pakadali pano taiika malire: ndi ya kaundula basi, ana sakopererapo mafilimu, ndipo pa intaneti imalowa mwa apo ndi apo.

Makolo amene mukukonzekera kugulira mwana laputopu yakaunjika akamapita ku koleji, musanatulutse ndalama pemphani wogulitsa ayatse, atsegule tsamba la Activation, alembenso slmgr /xpr inu mukuona. Sizitenga mphindi ziwiri. Akatchula tsiku lothera, kambiranani mtengo mukudziwa kuti Windows imeneyo si yanu. Mukapita nayo kokonza, nenani poyera kuti aike mtundu womwe unabwera ndi makinawo, ndipo chitetezo asachikhudze.

Lamlungu lapitali tinayeza anthu pakhonde lomwe lija kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litatentha. Titamaliza tinakopera kaundula pa fulashi, imene tsopano imakagona kunyumba kwa mlembi wa mpingo, laputopu n'kutsala mu kabati. Pamndandanda wa osabweranso panali maina anayi, ndipo awiri a ife tinakwera njinga kulowera ku Mpingu.