Kuwerenga DNA ya mbewu si kuisintha

Pamsonkhano wa alimi a tiyi cha ku Muloza, bambo wina wachikulire anaimirira n'kunena kuti iwo mbande zatsopano sadzala, chifukwa "zinapangidwa pa kompyuta". Anzawo anavomereza ndi mitu. Zinandiwawa. Munda wa bambowo ndi wa tiyi wakale wochokera ku njere, woti dzuwa la mu Okutobala likaswa mtengo amangoti zii, osaphuka, dengu n'kumabwerera lopanda kanthu.

Ntchito yanga ndi yokwatitsa ndi kusankha mbewu, ndipo pa kompyutapo ndimakhaladi. Koma nkhani yakuti aliyense wotchula DNA akukonza GMO yanditopetsa. GMO ndi mbewu imene aiika gene yochokera kwina, ndipo kuno ntchito imeneyo ili ndi lamulo lakelake, Biosafety Act ya 2002. Chimene timachita pa intaneti n'kuwerenga, basi.

M'tsamba lililonse muli malangizo a chibadwa cha mbewuyo, olembedwa ndi zilembo zinayi zokha: A, C, G ndi T. Malangizo onse pamodzi timawatcha genome, ndipo kachigawo kogwira ntchito imodzi ndiye gene. Tiyi ali ndi zilembo pafupifupi 3 biliyoni. Asayansi a ku Kunming ku China anafalitsa genome yake mu 2017, ndipo lero aliyense angaione ulere. Ya chimanga inatuluka mu 2009. Ya nandolo, yemwe ali mbwee m'minda yathu, inatuluka mu 2011 motsogozedwa ndi bungwe la ICRISAT.

Zonsezi zinayambira pa kachitsamba kotchedwa Arabidopsis thaliana, koti mlimi atakaona angakazule ngati udzu. Kali ndi zilembo 135 miliyoni zokha, kamabereka njere pakatha milungu yochepa, ndipo genome yake inamalizidwa mu 2000. Zambiri zodziwika za iko zili m'nkhokwe ya pa intaneti yotchedwa TAIR. Ndikafuna gene yothandiza tsamba kusunga madzi, ndimayamba ndi kachitsambako, n'kukopera zilembo zake mu BLAST, pulogalamu yofufuza zilembo zofanana mu mbewu ina. Ndisanamalize kumwa tiyi, yandilozera kale malo oyenera kuyang'ana. Palibe tsamba limene ndalikhudza.

Phindu lake muliona mukadziwa mmene tiyi watsopano amapezekera. Ku Mimosa, komwe kuli Tea Research Foundation of Central Africa, munthu amatenga mungu wa duwa lina n'kuupaka pa duwa la chitsamba china ndi dzanja. Njere zikamera, mumadikira zitsambazo zikule, muzithyole, muyeze zokolola nyengo ndi nyengo, akatswiri alawe tiyi wake. Zaka 15 zimatha, kapena kuposerapo, ndipo zitsamba zambiri zimatayidwa. SFS 150 ndi PC 108, mitundu yodziwika ya kuno, inapezeka mwa kuyesa ndi kusankha zitsamba m'munda, genome ya tiyi isanawerengedwe n'komwe. Tsono bambo aja amaopa mbande zimene zinabadwa ndi mungu ndi thukuta.

Chimene DNA ikuwonjezera ndi zomwe timati marker, kutanthauza chizindikiro m'zilembo zija chimene chimayendera limodzi ndi khalidwe lofunika, monga kupirira chilala. Mumadula katsamba mbande ikadali ku nazale, n'kuona ngati chizindikirocho chilipo. Agogo ankasankha chisononkho chabwino n'kuchipachika pamwamba pa moto kuti chikhale mbewu. Ifenso tikusankha, kungoti tikuona msanga. Ofufuza a ku Mimosa anagwirapo ntchito yotere pamodzi ndi yunivesite ya Pretoria.

Komabe sindigwirizana ndi anzanga amene amayankhula ngati intaneti yamaliza zonse. Zambiri za tiyi zimene zili m'nkhokwe ngati TPIA n'zochokera ku China, komwe nthaka ndi mvula si za kuno. Chizindikiro chogwira ntchito ku Yunnan chikhoza kunama m'munsi mwa phiri la Mulanje. Chiyenera kuyesedwa m'munda mwathu, ndipo pamenepo mabuku akale olembedwa pamanja, osonyeza zokolola za chitsamba chilichonse, amaposa kompyuta. Ndimalakalaka akanasungidwa bwino ngati mmene timasungira zilembo zija.

Kwa ophunzira a ku LUANAR ndi MUST: yambani ndi nkhokwe za pa intaneti za NCBI kapena Ensembl Plants, sizilipiritsa, ngakhale genome yathunthu ingakudyereni bandulo yonse, choncho koperani gene imodzi kaye. Zimene BLAST yakuuzani muzitenge ngati poyambira chabe. Kwa alimi: funsani dzina la mtundu wa mbande ndi kumene yachokera, funsaninso alangizi ngati ikugwirizana ndi dera lanu. Ngati mukukayikabe, dzalani mizere yochepa m'mbali mwa tiyi wakale, mufananize nokha chilimwe chikadutsa kawiri kapena katatu.