Kachirombo Kopanda Maso Koma Kosasochera

Kachirombo ka likodzo kalibe maso, koma munthu sikamphonya. Kakatuluka m'nkhono za m'madambo ndi m'mitsinje ya kwa Katuli, m'boma la Mangochi, timitsempha ta pathupi pake timamva kufunda ndi mafuta a pakhungu la mwana wosambira kapena mayi wochapa. Pomwepo kamamatira, kuboola khungu, mchira nkutsala kunja.

M'mitsempha ya magazi kamasanduka nyongolotsi ya masentimita 1 kapena 2, yokhala ndi zomatirira ziŵiri: china pakamwa, china pamimba. Khungu lake limadzikuta ndi zinthu za m'magazi a mwiniwakeyo, motero thupi siliizindikira kwa zaka zingapo. Mazira ake ndiwo amavulaza chikhodzodzo. Mnyamata wokodza magazi sanakule ai, wadwala, ndipo mankhwala ake ndi praziquantel.