Mankhwala owongola tsitsi ogula pa foni: muli chiyani m'kachidebemo?

Lachinayi madzulo kapena Lachisanu m'mawa, m'makomo ambiri mumapeza mayi ali pampando, thaulo paphewa, mnzake akumupaka mankhwala m'mutu kuti tsitsi likhale lowongoka Sabata lisanalowe. Kale mankhwalawa tinkagula m'sitolo, katoni n'kuigwira m'manja, n'kuwerenga. Lero ambiri akuwaona pa Facebook kapena pa WhatsApp: chithunzi chokongola, mtengo wotsika, ndalama kutumiza pa foni pomwepo, katundu n'kubwera pa basi. Wogulitsayo mwina anakaoda ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam, ndipo nthawi zina nayenso sadziwa kumene anapangidwa.

Rilaksa si mafuta odzola. Mtundu wodziwika kwambiri uli ndi sodium hydroxide, mankhwala omwe aja opangira sopo ndi kutsegulira mapaipi otsekeka. Pa muyeso wa pH, umene umathera pa 14, madzi abwino ali pa 7, khungu lathu lili cha pa 5, pomwe rilaksa amafika pa 12 mpaka 14. Amalowa m'kati mwa tsitsi n'kudula timfundo timene timalipiringiza. Makatoni olembedwa kuti "no-lye" amakhala ndi calcium hydroxide amene mumasakaniza ndi kamadzi ka m'kabotolo kena. Dzinalo lisakupusitseni, nawonso amawotcha.

Choncho chimene chimateteza mutu wanu ndi zinthu zing'onozing'ono: mphamvu yoyezedwa bwino kufakitale, mphindi zolembedwa papepala la malangizo, ndi shampu yapadera yoziziritsa mankhwalawo mukatsuka. Mankhwala achinyengo amachotsa zonsezi. Katoni imatha kufanana ndi yeniyeni koma zam'kati zili zaukali kuposa zimene zalembedwa. Ena amagula chidebe chachikulu cha ku saluni n'kumagawa m'timabotolo topanda dzina. Ena amagulitsa zimene zinatha kale nthawi, deti atalifufuta. Zikatere mphindi zapapepala sizikuthandizaninso, chifukwa pepalalo likunena za mankhwala ena. Zotsatira zake timaziona: zilonda zotuluka madzi, nkhanambo, tsitsi loduka, ndipo pamene pachita chipsera tsitsi silimeranso. Mawu akuti "pirira, kukongola n'kowawa" apsereza anthu ambiri. Mutu ukayamba kuwotcha, tsukani nthawi yomweyo.

Palinso nkhawa ina imene ikukhudza ngakhale mankhwala enieni. Mu 2018 bungwe la Silent Spring Institute ku America linayeza mitundu 18 ya zodzola za tsitsi zimene amayi akuda amagwiritsa ntchito. Linapezamo mankhwala osokoneza mahomoni, monga ma parabens ndi ma phthalates, ndipo ambiri mwa iwo sanalembedwe pa lebulo. Mu 2022 akatswiri a National Institutes of Health anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anatsatira amayi oposa 33,000 kwa zaka pafupifupi 11. Anawerengera kuti mwa amayi 100 osawongola tsitsi ndi mankhwala, osakwana awiri angadwale khansa ya m'chiberekero pofika zaka 70, koma mwa owongola koposa kanayi pachaka, ndi anayi. Khansayi ndi ya m'kati mwa chiberekero, osati ya khomo lake imene timayezetsa kawirikawiri. Ofufuzawo sanafunse mayina a mankhwala amene amayiwo ankagula, ndipo sananene kuti rilaksa ndiye amayambitsa khansa. Komabe khungu la m'mutu limamwa mankhwala, makamaka likakhala ndi zilonda. Ife amene timasamala chimene chikulowa m'thupi kudzera pakamwa, sindikuona chifukwa chonyalanyazira chimene chikulowera kumutu.

Ngati mwasankha kuwongola tsitsi, gulani pamene mungabwerere kukadandaula. Wogulitsa wa pa intaneti mumupemphe chithunzi cha katoni yeniyeniyo mbali zonse, osati chithunzi chotsatsira malonda. Pakhale dzina ndi adiresi ya wopanga, mndandanda wa zosakaniza, nambala ya gulu lomwe zinapangidwira limodzi, ndi deti. Katundu akafika, onani ngati chivindikiro chili chomata ndiponso ngati pepala la malangizo ndi shampu zilimo. Zilembo zolakwika komanso mtengo wotsika mokayikitsa ndi zizindikiro zokwanira kuti mubweze. Ku Malawi nkhani ya katundu wachinyengo mutha kukaitula ku Malawi Bureau of Standards.

Popaka, valani magolovesi, dzolani Vaseline m'mphepete mwa tsitsi ndi m'makutu, ndipo musapake ngati mwakanda mutu kapena mwangomasula kumene zingongo. Pakani tsitsi lomera kumene lokha, patapita milungu isanu ndi itatu kapena kuposerapo. Za ana aang'ono, maganizo anga ndi akuti tiwasiye ndi tsitsi lawo. Katoni yokhala ndi chithunzi cha kamtsikana komwetulira imakhalanso ndi mankhwala a mtundu womwewo.

Mankhwalawa akalowa m'diso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 20, kenako thamangirani kuchipatala. Mwana akawameza musamusanzitse, chifukwa amawotchanso kummero potuluka. Mutengere kuchipatala msanga, ndipo kachidebeko musakasiye kunyumba.